Za Makina Ofanana ndi Munthu, ndi Mafuta Owayendetsa

Munthu akapinda mkono, mnofu ndiwo ukoka pfupa. Nanga roboti, makina aja opangidwa m'cifaniziro ca munthu (sitinena za nyali za pamseu ai), iyenda ndi ciani popeza ilibe mnofu? Zina ziyenda ndi magetsi okha, koma zina mphamvu yao ili m'mafuta, ndipo izi ndizo tifuna kulongosola.

Mpweya ukapanikizidwa ucepa, koma madzi ndi mafuta sacepa kwenikweni. M'zaka za m'ma 1600 Blaise Pascal wa ku France anaonetsa kuti madzi otsekeredwa akakankhidwa pa malo amodzi, kukankhako kufika ponseponse mofanana. Mphunzitsi angaonetse ana zimenezi ndi majekeseni awiri opanda singano, wamng'ono ndi wamkuru, olumikizidwa ndi kapaipi kodzala madzi. Mwana akakankha wamng'ono, cokankhira ca wamkuru cituruka ndi mphamvu yoposa, koma ciyenda pang'ono cabe. Pamaso pace pakakula kakhumi, mphamvu icuruka kakhumi, ulendo nufupika kakhumi. Ana asaiwale mbali yaciwiriyi.

M'roboti, pampu ipanikiza mafuta, ndipo mapaipi awafikitsa ku mfundo zonse. Pa bondo pali silinda, ndiwo mtondo wacitsulo, ndi m'kati mwace muli pisitoni yomangidwa ku mwendo. Mafuta akalowa mbali iyi, bondo liwongoka. Akalowa mbali inayo, lipindika. Apa makina asiyana ndi thupi lathu, pakuti mnofu ungokoka, sukankha, ndico cifukwa cace minofu ikhala iwiriiwiri, pamene silinda imodzi ikhoza kucita zonse ziwiri. Komatu luso lenileni sili m'silinda. Lili pa valavu, kacitseko kamene kompyuta itsegula ndi kutseka kosalekeza, poyesa mafuta oyenera mfundo iliyonse. Valavu ikacedwa pang'ono pokha, roboti igwa.

Yomveka koposa mwa makina otere inali Atlas, imene a Boston Dynamics ku America anaionetsa m'caka ca 2013, ya mfundo 28 zoyendera mafuta. Pofika 2017 inali kudumpha ndi kutembenuka m'malere cam'mbuyo, nitera ciriri. Koma mafuta ali ndi mabvuto ao: paipi ikang'aluka adontha, pampu isokosa, mafutawo natentha. M'mwezi wa April 2024 eni ace anaipumitsa Atlas yamafuta ija, naika m'malo mwace ina yoyendera magetsi okha.