GOBI: KANSOMBA KA PANSI PA MTSINJE

Pansi pa mitsinje imene imathira m'nyanja yaikulu ya Indian Ocean, monga Limpopo ndi Zambezi wa kumunsi m'dziko la Mozambique, pamakhala kansomba kamene asodzi ambiri sakasamala n'komwe. Kamagona pamcenga kapena pakati pa miyala, ndipo khungu lake n'lofanana ndi mcengawo. Akatswiri a zansomba amakacha gobi, ndipo banja lake liri ndi mitundu yoposa 1,000 pa dziko lonse.

Gobi sabvuta kumzindikira. Mutu wake ndi wophwatalala, maso ali pamwamba pa mutu, ndipo pamsana pali zipsepse ziwiri zosalumikizana. Cizindikiro cacikulu ciri kumimba: zipsepse ziwiri za kumeneko zinalumikizana n'kukhala ngati kambale. Ndi kambaleko nsombayi imamatirira pamwala kuti madzi othamanga asaikokolole.

Cobvuta ndi kusiyanitsa mtundu ndi mtundu unzake. M'caka ca 1822, Francis Hamilton, sing'anga wa ku Scotland, analemba za nsomba za mumtsinje wa Ganges ku India, ndipo pakati pake panali gobi amene lero achedwa Glossogobius giuris. Nsombayi imapezekanso m'mitsinje ya kum'mawa kwa Africa. M'caka ca 1937, J.L.B. Smith wa ku South Africa anapatsa gobi wina dzina lakuti callidus. Ziwirizi n'zofanana kwambiri kotero kuti anthu amazisokoneza kawirikawiri. Koma giuris amatha kupitirira masentimita 30, pamene callidus amalekera pafupi ndi masentimita 12. Motero callidus wokhwima, woikira kale mazira, munthu angamuyese mwana wa giuris.

Nanga akatswiri amatani? Sakhulupirira maso okha. Amawerenga minga ya zipsepse ndi mamba a m'mbali mwa thupi. Amayang'ana lilime, limene mwa nsomba za gulu la Glossogobius ndi logawika kunsonga. Dzinalo lomwe licokera ku mau a Cigiriki otanthauza lilime. Ndi galasi lokuza zinthu amapenda timizere ta timadontho ta pamasaya, timene nsombayi imamvera nato kugwedezeka kwa madzi, pakuti timizereti timasiyana mtundu ndi mtundu. Masiku ano amayezanso DNA, imene isonyeza cibale ca zamoyo.

Kodi khama lonseli n'laciani pa kansomba kosadzaza dzanja? Cifukwa cake ndi ici: cinthu copanda dzina cingathe kutha psiti popanda wozindikira. Gobi wamkazi amamata mazira ake pamwala, ndipo wamwamuna ndiye amawalonda kufikira ataswa. Anthu akalima mpaka m'mphepete mweni-mweni mwa mtsinje, mvula imakokolera dothi m'madzi, matope n'kukwirira miyala pamodzi ndi mazira. Matope omwewo amaononganso zisa za nsomba zina zimene mabanja amadalira pa ndiwo. Kusunga mitengo ndi bango m'mbali mwa mitsinje ndiko kusunga nsomba, zazikulu ndi zazing'ono zomwe.