Kuwotcha tsitsi pakhomo: kutchena kukhale ndi muyeso

Nyengo ya maukwati ikafika, Loweruka m'mawa m'tinjira ta ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri mumamveka kafungo komwe mayi aliyense amakadziwa. Ndi kafungo ka tsitsi lomwe lakumana ndi chitsulo chamoto.

Pakhonde kapena kuchipinda, wina amakhala pampando atapinda khutu ndi chala, mnzake ali chilili kumbuyo ndi chopanira tsitsi chamagetsi chija m'masaluni amachitcha tong. Pakatha ola, tsitsi lomwe lidali lopotana limakhala litagona, likuwala, mwini wake n'kunyamuka ulendo wa kuchinkhoswe.

Zaka zapitazo chipangizochi chinkapezeka kwambiri m'masaluni. Lero chili mbwee m'mashopu a ku Limbe, mumsika wa Blantyre ngakhalenso pakaunjika, ndipo amayi ndi atsikana ambiri aona kuti kugula kamodzi kuli bwino kusiyana ndi kulipira ku saluni sabata iliyonse. Palibe angawadzudzule. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo zodzola za m'mutu, zomwe zambiri zimachokera kunja, zidakwera mtengo pamodzi ndi katundu wina yense.

Komatu akuluakulu adati walira mvula walira matope. Zambiri mwa zitsulozi zimatentha mpaka madigiri 230, kuposa kawiri kutentha kwa madzi owira. Moto wotere umawongola tsitsi kwa masiku owerengeka, koma chomwe wawononga sichibwereranso.

Zidayamba kale

Kuwotcha tsitsi si kwa atsikana a lero okha. Funsani agogo anu, akuuzani za mwala kapena phale lomwe ankaika pamoto n'kumalikhulitsa patsitsi lopakidwa mafuta. Kenaka kudabwera chipeso chachitsulo chotenthetsa pambaula, chomwe mpaka pano chimagwirabe ntchito m'makomo momwe mulibe magetsi. Amayi ambiri a zaka za m'ma 50 ali ndi kachipsera pakhutu kapena pachipumi kochokera nthawi imeneyo.

Kunja nakonso mbiri yake ndi yaitali. Mkulu wina wokonza tsitsi mumzinda wa Paris, Marcel Grateau, adatchuka ndi zitsulo zamoto zokonzera tsitsi kuyambira m'chaka cha 1872. Ku America, Madam C.J. Walker, mayi wachikuda yemwe adabadwa m'chaka cha 1867 ndipo adamwalira mu 1919, adalemera kwambiri pogulitsa mafuta a tsitsi. Si iye adayambitsa chipeso chamoto monga ambiri amaganizira, koma amayi zikwizikwi omwe adawaphunzitsa ntchito adachifalitsa pakati pa anthu akuda.

Chomwe chasintha lero ndi chakuti moto uja walowa m'waya, ndipo chitsulo chimapana tsitsi mbali zonse ziwiri.

N'chifukwa chiyani limabwerera?

Aliyense yemwe adawotchapo tsitsi m'miyezi ya June ndi July amadziwa zomwe chiperoni chimachita. Munthu amachoka ku Bangwe tsitsi lili see, koma pofika mu Limbe lafufuma ngati silidakhudzidwe n'komwe.

Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka tsitsi. Tsitsi lidapangidwa ndi keratin, chinthu chomwechonso chimapanga zikhadabo. Mkati mwake muli timfundo ta mitundu iwiri. Tina ndi tofewa, timamasuka ndi madzi kapena kutentha n'kumangikanso tsitsi likauma ndi kuzizira. Tong imagwira ntchito pa timfundo timeneti: imatimasula, n'kutisiya timangike tsitsi lili chowongoka. Chinyezi chikangolowa, kaya ndi mvula, thukuta kapena nthunzi ya pamphika wa nsima, timamasukanso ndipo tsitsi limabwerera mwakale.

Timfundo tina ndi tolimba, ndipo timathyoka ndi mankhwala owongolera tsitsi aja a m'mabotolo. N'chifukwa chake tsitsi lamankhwala silibwerera.

Apa ndi pomwe pagona msampha. Tsitsi likafufuma, ambiri amabwereza tong mawa lake, mkuja n'kubwerezanso, uku akuwonjezera moto poganiza kuti likhalitsa. Koma tsitsi lomwe latuluka kale pakhungu lilibe moyo, silipola ngati bala. Moto ukachuluka, khungu lake lakunja limang'ambika, tsitsi limauma n'kuyamba kuthothoka pachipeso. Ena amadabwa kuti ngakhale atalichapa silikupotananso ngati kale. Limenelo lapsa, ndipo mankhwala ake ndi sizasi basi.

Choopsa kwambiri ndi kupana tsitsi lonyowa. Madzi a mkati mwa tsitsi amawira, nthunzi n'kupanga timatuza tomwe timalisiya lili lofooka ngati udzu wouma. Mukamva kuti tsii, kapena mukaona utsi, dziwani kuti tsitsi likuphikidwa.

Tsitsi lathu anthu akuda limafuna chisamaliro choposa. Paliponse pomwe lapotana pamakhala pofooka, komanso mafuta achilengedwe a m'mutu savuta kutsika patsitsi lowongoka koma pa lopotana safika kunsonga.

Dazi la amayi

M'chaka cha 1968, madokotala atatu a khungu ku America adalemba za amayi 51 achikuda omwe tsitsi lidawathera pakati pa mutu, cha paliwombo, osameranso. Iwo adaloza chala chipeso chamoto ndi mafuta otentha omwe ankatsikira kumizu ya tsitsi.

Patapita zaka, zidadziwika kuti matendawa amagwiranso amayi omwe sadagwiritsepo ntchito chipesocho. Kafukufuku yemwe adatuluka m'chaka cha 2019, momwe mudalinso Pulofesa Ncoza Dlova wa ku Durban, adapeza kuti mwa amayi ena vutoli ndi lakumtundu. Madokotala amaona kuti kwa munthu wotere, moto, mankhwala ndi kukoka tsitsi zimatha kukolezera matendawa. Tsono ngati mayi anu kapena azakhali adachita dazi paliwombo, inu muchenjere kawiri.

Palinso dazi la m'mbali, lija tsitsi limathawa pachipumi ndi pamwamba pa makutu. Pulofesa Nonhlanhla Khumalo wa pa yunivesite ya Cape Town adafufuza za vutoli ku Langa, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2007. Adapeza kuti pafupifupi amayi 32 mwa 100 aliwonse, komanso atsikana apasukulu 17 mwa 100 aliwonse, adali nalo. Omwe adali pachiopsezo chachikulu ndi aja amaluka zokoka kapena kusokerera mesh patsitsi lothiridwa mankhwala.

Izi si zachilendo m'matauni mwathu muno. Mwezi umodzi munthu wathira mankhwala, wapanga tong, kenaka waluka zothina mpaka kugona ndi panado. Tsitsi lomwe lafooka kale ndi mankhwala silingapirire moto ndi kukokedwa nthawi imodzi.

Ena asiya mankhwala atamva za kafukufuku wa boma la America wa mu October 2022. Kafukufukuyu adatsata amayi oposa 33,000 ndipo adapeza kuti khansa ya chiberekero imapezeka mowirikiza kawiri mwa omwe ankathira mankhwala owongolera tsitsi koposa kanayi pachaka. Sadatsimikize kuti mankhwalawo ndiwo amayambitsa khansayo, komanso sadakhudze zitsulo zamoto. Koma wothawa mankhwala n'kuthamangira moto wa tsiku ndi tsiku asaganize kuti tsitsi lake lapulumuka.

Ana ndi magetsi

Ku saluni chitsulo chimakhala ndi malo ake. Pakhomo chimasiyidwa pabedi, pampando kapena pansi, chingwe chili lende, pomwe mwana wokwawa amafikira. Tong ikazimitsidwa imakhalabe yotentha kwa nthawi yaitali, mwina kupitirira theka la ola, ndipo khungu la mwana ndi lopyapyala moti limapsa msanga kuposa la wamkulu.

Pachipatala cha Gulupu pali wodi ya anthu opsa yomwe idatsegulidwa m'chaka cha 1993. Ambiri omwe amagonekedwa kumeneko ndi ana aang'ono opsa ndi moto wophikira, madzi otentha ndi phala. Mbaula makolo amaiopa ndipo amathamangitsa ana akaiyandikira, koma tong sionetsa lawi, n'chifukwa chake imaiwalika.

Kuthimathima kwa magetsi nako ndi vuto lina. Anthu a mu Blantyre sadaiwale mdima womwe udadza namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022. Magetsi akathima munthu ali pakati powotcha tsitsi, amamanga duku n'kutuluka, chitsulo chili cholumikiza pamatiresi. Akabwera magetsi m'nyumba mulibe munthu, zotsatira zake mukuzidziwa. Lamulo likhale limodzi: akathima, zulani pulagi.

Pogula, yang'anani zolembedwa pachipangizocho. Magetsi a ESCOM ndi a 230V, pomwe zina za pakaunjika zidapangidwira ku America komwe ndi 120V. Ngati sipadalembedwe 220–240V kapena 100–240V, chisiyeni. Za ku South Africa zimabwera ndi pulagi ya mano obulungira yomwe silowa m'masoketi athu. Gulani adaputa kapena sinthitsani pulagi kwa wamagetsi, osadula n'kumalowetsa mawaya ndi timitengo ta machesi.

Tsono tichite bwanji?

Bungwe la madokotala a khungu ku America, la American Academy of Dermatology, limalangiza amayi achikuda kuti asawotche tsitsi koposa kamodzi pasabata, agwiritse ntchito chitsulo chokhala ndi posinthira moto, ndipo aziika pamoto wochepa womwe ungagwire ntchitoyo. Tong yongoyatsa ndi kuzimitsa, yopanda manambala, ndi yotchipa pogula koma yodula patsitsi.

Yambani ndi kuchapa tsitsi ndi kuliumitsa mpaka kumizu. Pakani mankhwala otchinjiriza ku moto, osati mafuta ophikira kapena mafuta olemera omwe amasungunuka n'kukawotcha khungu. Gawani tsitsi m'timagawo ting'onoting'ono, ndipo chitsulo chidutse kamodzi kapena kawiri osaima malo amodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsitsi lamankhwala kapena lopaka utoto lifunika moto wotsika kwambiri. Usiku mangani kansalu koterera kuti mawa musafunenso moto.

Simbi yositira zovala isayandikire kumutu, ngakhale mnzanu atakuuzani kuti iye zimamuyendera. Ana aang'ono asawotchedwe tsitsi chifukwa chongofuna kuti aoneke bwino pamzere wa ukwati. Mwana sakhazikika, ndipo chipsera cha pachipumi adzakula nacho.

Wina akapsa, thirani madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20. Osapaka mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta kapena phulusa, ndipo matuza asabooledwe. Ngati wapsa ndi mwana, kapena bala lili kumaso ngakhale padzanja, thamangirani kuchipatala. Ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Zingwangwa kuli zipatala zazing'ono za boma, ndipo a ku Machinjiri ali ndi cha South Lunzu.

Chimodzimodzinso mukaona kuti paliwombo payamba kuyabwa, kuwawa kapena kuonekera khungu. Amayi ambiri amangovala wigi n'kukhala chete zaka, pomwe mbewa ya manyazi idafera kuuna. Ku Gulupu kuli kiliniki ya matenda a pakhungu, ndipo dazi lotere likapezeka msanga limatheka kuliimitsa. Mizu ikasanduka chipsera, palibe mafuta a mumsika omwe angaidzutse.

Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. Lofika m'mapewa ndi ntchito ya zaka ziwiri kapena kuposerapo, koma chitsulo chotentha mopitirira chingalimalize masana amodzi. Musanakweze moto pokonzekera phwando la maola atatu, werengerani kaye miyezi imeneyo.