Kukonzanso Khonde la Nyumba Yakale

Lero tikambirana za khonde la nyumba. Pakhonde ndi pamene timalandirira alendo, agogo amaotherapo dzuwa, ndipo ambiri a inu mumalembera pomwepo nchito ya kusukulu. Koma kodi munayamba mwayang'anapo m'mwamba ndi kudzifunsa kuti denga limene lili pamutu panu lagwiridwa ndi ciani?

Nyumba zambiri za ku Matero ndi ku Chilenje mu Lusaka zinamangidwa dziko lathu lisanalandire ufulu mu 1964. Kale zinali za khansolo, koma kuyambira mu 1996 zambiri zinagulitsidwa kwa anthu amene anali kukhalamo. Cotero udindo wozisamala uli m'manja mwa eni ake, ndiwo makolo anu. Khonde likanyalanyazidwa, mphepo ya mvula yoyamba ikhoza kuligwetsa, ndipo kawirikawiri amene amakhala pansi pake ndi ana ndi okalamba.

Adani a khonde ndi atatu. Woyamba ndi madzi. Akamaima patsinde pa khoma amalowa pansi, nafewetsa dothi, ndipo simenti ya pamwamba imatitimira ndi kung'aluka. Waciwiri ndi ciswe. Cimacokera m'nthaka, nicidya nsanamira m'kati, kusiya khungu lokha kunja, kotero kuti mtengo umaoneka wabwino pamene watha kale. Wacitatu ndi dzimbiri, limene limadya malata, makamaka pamene panalowa misomali.

Nchito yoyamba ndiyo kufufuza, ndipo iyi mungathandize inu ana. Gogodani nsanamira iliyonse ndi nyundo. Mtengo wamoyo umalira molimba, koma wodyedwa umalira ngati ng'oma. Funani timisewu ta dothi timene ciswe cimamanga pakhoma. Masana imani pansi pa denga ndi kuona ngati kuwala kwa dzuwa kukulowa pa timabowo. Potsiriza thirani ndowa ya madzi pansi, muone kumene alowera. Akathamangira kubwalo zili bwino, koma akabwerera kukhoma, dziwani kuti nyumba yonse ili pangozi. Zimene mwapeza kauzeni makolo anu.

Nthawi yabwino yokonza ndi kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, mvula itatha ndipo dzuwa lisanayambe kutentha kwambiri. Amene amadikira Novembala amagwira nchito mothamanga, maso ali kumitambo. Ngati makolo afuna kukulitsa khonde kapena kulichinga kuti likhale cipinda, ayenera kuyamba apempha cilolezo ku khansolo.

Tiyambe ndi nsanamira. Mmisiri wanzeru sazula nsanamira yoola asanacirikize denga ndi mitengo ina iwiri, umodzi mbali iyi, wina mbali inayo. Akatero amakumba dzenje lakuya masentimita 50, nathiramo konkire. Konkireyo ikwere pang'ono pamwamba pa nthaka, kuti mtengo usakhudze dothi ndiponso madzi asaime patsinde pake. Mitengo ya mlombwa, umene ena amati mukwa, ndi ya mukusi silowedwa ciswe msanga, koma ndi yodula ndipo yacepa m'nkhalango zathu. Anthu ambiri amagula bulugamu kapena paini wothiridwa mankhwala. Mtengo wotere ukadulidwa, podulapo papakidwenso mankhwala, ndipo zidutswa zake zisasonkhezedwe pamoto wophikira, cifukwa utsi wake ndi woipa. Ena amaika nsanamira za citsulo kapena za njerwa, zimene ciswe sicingathe kudya.

Tsopano tione za pansi. Ming'alu ing'onoing'ono imakulitsidwa pang'ono ndi cizulo, kutsukidwa, ndi kumatidwa ndi muyeso umodzi wa simenti ku miyeso 3 ya mcenga. Koma ngati pansi patitimira, simenti yakale iyenera kuswedwa yonse, dothi ndi kutsenderedwa zolimba. Konkire yatsopano isakanizidwe motere: ndowa imodzi ya simenti, ndowa 2 za mcenga wa kumtsinje, ndi ndowa 4 za miyala yophwanya. Mcenga ukhale wopanda dothi kapena zinyalala. Madzi asacuruke. Konkire ya madzi ambiri njosavuta kuyala, koma ikauma imakhala yofooka.

Pansipo payenera kupendekera kubwalo, masentimita 2 pa mita iliyonse. Cotero khonde la mamita 2 m'lifupi likhale lotsika ndi masentimita 4 kumbali ya kunja. Kuti ngodya ziwongoke, mmisiri amayesa masentimita 60 pa cingwe cimodzi ndi 80 pa cinzace. Ngati pakati pa nsonga ziwirizo pali masentimita 100, ngodyayo ili bwino.

Pali cinthu cimodzi cimene anthu ambiri amalakwitsa. Amaganiza kuti konkire imalimba cifukwa ca kuuma. Zoona zake ndi zakuti simenti imalimba pogwirizana ndi madzi, ndipo ikauma msanga imang'aluka. Ncifukwa cake iyenera kufunditsidwa masaka kapena udzu, ndi kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo masiku 7. Mphamvu zake zimakwanira patapita masiku 28. Nchito yothirira ndi yanu, ana, ndipo musaipeputse. Polishi wofiira amene amai amakonda adikire kufikira pansi pataumitsitsa.

Kudenga, malata amakhomedwa pamsana pa mzere, osati m'ngalande moyenda madzi. Lata lililonse liphimbe linzake mzere umodzi ndi theka. Pano mverani cenjezo. Nyumba zambiri zakale zinafoleredwa ndi asibesitosi. Kale anthu ambiri sanali kudziwa kuopsa kwake, koma fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa matenda oopsa, ngakhale khansa, amene amaonekera patapita zaka zambiri. Asibesitosi asadulidwe ndi maceka, asabooledwe, ndipo zidutswa zake musasewere nazo. Ndiponso ndi wosacedwa kusweka munthu akaponda. Mwana asakwere padenga, ndipo akulu omwe acenjere ndi waya wa magetsi amene amalowa m'nyumba pafupi ndi khonde.

Aphunzitsi, nayi nchito ya m'kalasi. Khonde lina ndi la mamita 4 m'litali ndi 2 m'lifupi. Ana apeze kukula kwa malo ake, ndiwo masikweya mita 8. Ngati konkire ikhala yocindikala masentimita 10, pafunika makyubiki mita 0.8, ndiye kuti atate agule matumba 6 a simenti a makilogalamu 50, kuti isawathere pakati pa nchito. Funso lina ndi ili: Lusaka amalandira mvula pafupifupi mamilimita 800 pacaka. Kodi padenga la khondeli pamagwa madzi angati? Yankho ndi malita 6,400, okwanira migolo 32 ya malita 200. Afunseni ana kuti madzi onsewo akagwera patsinde pa khoma adzacita ciani, ndipo akatungidwa mumgolo angathandize bwanji kudimba. Pambuyo pake turukani nawo, akafufuze khonde la sukulu yanu monga tafotokozera, ndipo zimene apeze azilembe ndi kupereka kwa aphunzitsi aakulu.

Ana inu, mng'alu umene lero ufuna ndowa imodzi ya simenti, caka camawa udzafuna matumba 6, ndalama zimene zikadagula yunifolomu ndi mabuku anu. Mukafika kunyumba madzulo ano, pemphani nyundo kwa atate kapena amai, mugogode nsanamira, mumve m'mene zikulirira. Tsalani bwino.