NTHENDA YA KUNJENJEMERA: OKALAMBA A KWA NAZOMBE ASAGONEKEDWE PAMPHASA

M'midzi ya kwa Nazombe, m'boma la Phalombe, munthu wachikulire akayamba kunjenjemera dzanja ali chikhalire, kuyenda mokhwekhwereza mapazi ndi kuwerama msana, ena amati ndi ukalamba chabe, ena amati ndi kachasu, ndipo ena amanong'onezana za ufiti. Koma zizindikiro zotere ndizo za nthenda imene dotolo wa ku London, James Parkinson, anaifotokoza m'chaka cha 1817, ndipo imadziwika ndi dzina lache kufikira lero.

Nthendayi imadza pamene timagawo ta ubongo topanga dopamine, chinthu chimene chimathandiza thupi kuyenda bwino, tikufa pang'ono pang'ono. Siipatsirana ai. Bungwe la za umoyo la dziko lonse lapansi linawerengera kuti m'chaka cha 2019 odwala anali oposa 8.5 miliyoni. Mankhwala a levodopa amachepetsa bvutoli, koma sachiritsa.

Achibale ambiri, pochita chifundo, amamgoneka wodwala pamphasa namletsa nchito iri yonse. Chifundo chotere chimapweteka, pakuti minofu yosagwira nchito imauma ndi kufooka, munthu amayamba kugwa kawiri kawiri, ndipo mtima wache umasweka poona kuti wasanduka katundu wa ana ache.

M'chaka cha 2023 akatswiri a bungwe la Cochrane anasonkhanitsa zofufuza zokwanira 156, zokhudza odwala pafupi fupi 8,000, napeza kuti masewero olimbitsa thupi a mitundu yambiri, monga kuyenda, kubvina ndi kulimbitsa minofu, amathandiza wodwala kuyenda bwino ndi kukondwera ndi moyo wache.

Izi sizilira ndalama. Wodwala ayende tsiku ndi tsiku, akuponya mapazi patali ndi kugwedeza mikono. Akhale pampando ndi kuimirira kangapo motsatizana. Mapazi akakakamira pansi, monga imachitira nthendayi, wina amuwerengere mokweza kapena kumuombera m'manja, pakuti kugunda kotsatizana kumamasula mwendo. Pamenepa Alhomwe ali ndi mwai, popeza ng'oma ya tchopa, gule amene UNESCO inamlemekeza m'chaka cha 2014, iri pakhomo pao. Kutong'ola chimanga ndi kusankha nandolo nakonso kumafewetsa zala. Koma pakhale munthu pambali pache nthawi zonse, ndipo masewerowa achitikire kutali ndi moto kapena chitsime.

Choyamba wodwala akapimidwe kuchipatala cha Boma kapena ku Holy Family, chifukwa kunjenjemera kwina kumachokera ku matenda ena. Ofunika chithandizo chapadera angathe kutumizidwa ku Blantyre, kumene kuli Queen Elizabeth ndi malo a Kachere ophunzitsa odwala kuyendanso.

Mafumu ndi atsogoleri a mipingo akumbutse anthu ao kuti lamulo la m'chaka cha 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti. Gogo wonjenjemera ndi wodwala, ndipo chimene afuna kwa mdzukulu wache ndicho kumgwira dzanja ndi kuyenda naye.