Njira Yaifupi ndi Njira Yachangu

Aliyense amene anapalasapo njinga yonyamula matumba awiri a chimanga kupita ku boma la Lundazi amadziwa kuti pokhota sipafuna phuma. Ukapinda chiwongolero mwadzidzidzi uli pa liwiro, tayala lakutsogolo limaterereka mumchenga, matumba n'kukukokera pansi. Wopalasa wozolowera amayamba wapatukira kunja, kenaka n'kukhota mozungulira ngati uta. Mtunda wawonjezeka pang'ono, koma liwiro silinatayike. Miyendo imaidziwa nzeru imeneyi mutu usanaiganize, ndipo ndi yomweyi imene anthu atatu a ku Williams College ku America anaiwerengera ndi masamu, ngakhale iwo ankaganiza za masewera a baseball.

Amene anasewerapo maraundasi kusukulu savutika kumvetsa baseball. Pabwalo pamakhala malo anayi opondapo, otchedwa mabesi, oikidwa pa ngodya za sikweya. Kuchokera pa besi imodzi kufika pa inzake ndi mamita 27.4, ndiye kuti kuzungulira konse ndi mamita pafupifupi 110. Womenya mpira akaumenya amathamanga n'kuponda mabesi motsatana, kuti abwerere pamene anayambira adani asanabweze mpirawo.

Wophunzira wina, Davide Carozza, ndi aphunzitsi ake Frank Morgan ndi Stewart Johnson anafunsa kuti: ngati wothamanga akudziwa kuti azungulira bwalo lonse, adutse pati? Yankho lawo linasindikizidwa mu 2010 m'magazini ya The Mathematical Intelligencer.

Maziko a masamu awo ndi mfundo imodzi, ndipo ndi imene ndikufuna owerenga aigwiritse. Mphamvu imene phazi limakankhira pansi ili ndi malire, ndipo mphamvu yomweyo ndi imene imawonjezera liwiro, kuchepetsa liwiro, ndiponso kukhotetsa thupi. Ili ngati ndalama imodzi m'thumba: imene wagulira mchere sungagulirenso sopo. Iwo anayerekeza wothamanga amene angasinthe liwiro lake ndi mamita pafupifupi 3 pa sekondi m'sekondi iliyonse.

Tsono tiyeni timuthamangitse m'mizere yowongoka. Pa ngodya yakuthwa palibe kuchitira mwina, ayenera kuima kaye. Amawonjezera liwiro kwa masekondi 3 kufika pakati pa mzere, n'kumachepetsa kwa masekondi ena 3. Mbali imodzi yadya masekondi 6, mbali zitatu 18. Mbali yomaliza safunika kuima, choncho imangotenga masekondi 4.2. Zonse pamodzi ndi masekondi 22.2, pa njira imene ndi yaifupi kuposa zonse.

Akathamanga mozungulira ngati mkombero wa lichero, kudutsa pa mabesi onse anayi, mtunda umakwera kufika mamita pafupifupi 122, koma nthawi imatsika kufika masekondi 17.8. Njira yoposa zonse ili pakati pa ziwirizi. Wothamanga amanyamuka atapatukira kumanja ndi madigiri pafupifupi 25, ngati akuthawa besi yoyamba, ndipo pakati pa besi yachiwiri ndi yachitatu amatalikira mzere ndi mamita oposa 5. Chakumapeto njira imawongoka kuti mphamvu yonse ipite ku liwiro. Nthawi yake ndi masekondi 16.7.

Chimene chimachititsa kuti kukhota kudule chonchi n'chakuti mphamvu yokhotera imakula ndi liwiro lochulukitsidwa ndi lokha, n'kugawidwa ndi kukula kwa uta. Wothamanga mamita 7 pa sekondi: 7 kuchulukitsa ndi 7 ndi 49, kugawa ndi 3, tipeza kuti uta wake uyenera kutalikira mamita 16 kuchokera pakatikati pake. Akachepetsa liwiro ndi theka, uta wa mamita 4 okha umukwanira. Liwiro likawirikiza kawiri, malo okhotera amafunika kanayi. N'chifukwa chake basi yochokera ku Chipata imachepetsa kwambiri liwiro pa ngodya imene ngolo ya ng'ombe imangodutsa osaganiza. N'chifukwa chakenso othamanga mamita 200 sakonda mzere wam'kati mwenimweni, ngakhale mtunda uli wofanana kwa onse: uta wake ndi wothina. Muzala Samukonga, amene anabweretsera Zambia mendulo ya bronze pa mpikisano wa mamita 400 ku Paris mu 2024, amathamanga gawo lalikulu la mtunda umenewo thupi litapendekera kumanzere, akulipira msonkho womwewu.

Masamuwa ali ndi malire ake, ndipo sindikufuna kuwabisa. Amatenga munthu ngati kadontho kopanda mawondo, kosatopa. Komanso amathandiza yekhayo amene watsimikiza kuti apitirira besi yoyamba. Ngati cholinga ndi besi yoyamba basi, mzere wowongoka ndiye mfumu. Vuto n'lakuti womenya amayenera kusankha mpira ukadali m'mwamba, ndipo ambiri amayamba mowongoka n'kudzapatuka mochedwa, atataya kale nthawi. Lamulo silimuletsa kupatuka, pokhapokha pamene mdani wagwira mpira n'kumafuna kumukhudza nawo. Apo saloledwa kuzemba kupitirira masentimita pafupifupi 90.

Mphunzitsi wa masamu ku Lundazi angayese zonsezi popanda kugula kanthu. Pafunika miyala inayi, chingwe choyezera, phulusa lojambulira njira zitatuzo, ndi wotchi ya pa foni. Mwana mmodzi athamange njira iliyonse atapuma mokwanira, anzake azilemba nthawi pabolodi. Ayese mu Ogasiti bwalo litauma gwaa, fumbi likuterera pansi pa mapazi, adzayesenso mu Epulo udzu ukadali wobiriwira. Pa fumbi phazi siligwira bwino, 3 uja amachepa, ndipo ana adzaona okha mapazi awo akuponda kunja kwa mzere wa phulusa.