Moyo wa ku America chuma chisanagwe mu 1929

M'zaka za m'ma 1920, mabanja ambiri a m'mizinda ya ku America anapeza zinthu zimene makolo awo sankazilota n'komwe. Mtengo wa galimoto ya Ford Model T unatsika kufika pa madola 260 mu 1925, ndipo wailesi zinafala m'makomo. Komabe, katundu wambiri ankagulidwa pangongole yobweza mwezi ndi mwezi.

Kumidzi kunali kosiyana. Mitengo ya tirigu ndi thonje inagwa nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha, ndipo pofika 1930, famu imodzi yokha mwa khumi ndiyo inali ndi magetsi.

Msika wa masheya utagwa ku New York mu Okutobala 1929, mafakitale anayamba kuchotsa anthu ntchito. Malipiro anatha, koma ngongole zinatsala.