Fumbi lomwe mvula siligonetsa

Kwa anthu a ku Chileka, fumbi si nkhani. Koma lilipo lina limene mvula siligonetsa, ndipo kuti mulione muyenera kutalikira magetsi a pabwalo la ndege n'kulowera cha ku Lirangwe usiku wopanda mwezi. Mu Juni ndi Julayi mlalang'amba umayala pakati pa thambo, ndipo m'kati mwake mumaoneka mizere yakuda bii. Nyenyezi zilimo m'menemo, kungoti fumbi lazitchinga. Mu 1930 katswiri wa zakuthambo Robert Trumpler anasonyeza kuti fumbili limazimiritsa kuwala kwa nyenyezi zakutali.

Pakati pa nyenyezi pali mpweya, makamaka haidirojeni, wosakanikirana ndi tizidutswa ta kaboni ndi ta miyala, tochepetsetsa ngati ta mu utsi. Mu mlalang'amba wathu, pa makilogalamu 100 a mpweya pamakhala pafupifupi kilogalamu imodzi ya fumbi. Kwina muyeso si womwewo, ndipo umboni wake uli poyera. Novembala akamatha, yang'anani kumwera madzulo, mudzaona timitambo tiwiri totuwa tosauluzika ndi mphepo. Imeneyo ndi milalang'amba ina, yotchedwa Mitambo ya Magellan. Kuwala kwa waukuluwo kumayenda zaka pafupifupi 160,000 kuti kutipeze, ndipo fumbi lake n'lochepa kangapo poyerekeza ndi kwathu kuno. Waung'onowo ndiye uli ndi mpweya wambiri, fumbi lapang'ono zedi.

Chifukwa chake chili m'moyo wa nyenyezi. Kaboni, okisijeni, silikoni ndi chitsulo zimapangika m'kati mwa nyenyezi, ndipo zimamwazika nyenyeziyo ikakalamba kapena kuphulika. Mlalang'amba umene wabala ndi kuika mibadwo yambiri ya nyenyezi umakhala ndi zopangira fumbi zochuluka. Waung'ono umabala pang'onopang'ono, komanso mphamvu yake yokoka ndi yochepa, choncho zophulikazo zina zimatayikira kunja. Mu Febuluwale 1987 nyenyezi ina inaphulika mu Mtambo waukulu wa Magellan, anthu n'kuiona ndi maso. Patapita zaka zoposa 20, makina oonera kuthambo a Herschel ndi a ALMA anapeza kuti pamalopo papangika fumbi lolemera pafupifupi theka la dzuwa.

Fumbili si zinyalala ayi. Pa tizidutswa timeneti ndi pamene haidirojeni imagwirana iwiriiwiri, mitambo n'kuzizira, nyenyezi zatsopano n'kubadwa. Dziko lathu lomweli linaumbika kuchokera ku fumbi lotere.

Mbali ya mpweyayo ikuyezedwa mu Africa momwemuno. Ku Karoo, ku South Africa, makina a MeerKAT, a madishi 64, anatsegulidwa mu 2018 ndipo amatola mafunde a haidirojeni ochokera ku milalang'amba yakutali. Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la maiko 8 a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchito yaikulu ya SKA, yomanga makina ochuluka otola mafunde otere. Malawi mulibemo, ndipo zimenezi zimandiwawa, chifukwa mwana wa ku Lirangwe amakula akuona milalang'amba itatu ndi maso ake, pamene mnzake wa ku London Mitambo ya Magellan sangaione n'komwe.